Seva ya maimelo ya Exchange 2016 yatsalira pa CU19: ndiyambire pati?

Chinkhoma_IT

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pa kampani ina yogula mbewu kuno ku Kasungu pali seva ya maimelo ya Exchange 2016, yokhala pa Windows Server 2016, ndipo maakaunti alipo 45. Sevayo ndi imodzi yokha, domain controller (yosunga maakaunti ndi mapasiwedi mu Active Directory) ili pa makina ena. Get-ExchangeServer ikuonetsa Build 2176.2, kutanthauza CU19, cumulative update (phukusi lalikulu la ma update) ya nambala 19. Palibe amene waikhudza kwa zaka, poti eni ake amaopa kuti ikangokhudzidwa maimelo aima. Disiki C ndi ya 120 GB koma yatsala ndi 7 GB basi, ndipo masiku ena otitumizira maimelo amalandira uthenga woti 452 4.3.1 Insufficient system resources. OWA, tsamba lowerengerapo maimelo pa browser, ndi yotsegukira intaneti yonse chifukwa ogula mbewu ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya amawerenga maimelo pa foni. UPS (batire yogwirizira makina magetsi akathima) ndi ya 1500VA, jenereta imayaka nthawi ya ntchito yokha. Backup yomwe ilipo ndi mafayilo a PST (makope a maimelo a mu Outlook) a mabwana atatu, okopera pa disiki yakunja.

Kodi ndingalumphe kuchoka pa CU19 kufika pa CU23 ulendo umodzi? Magetsi akathima setup ili pakati chimachitika n'chiyani? Nanga mwa ma log odzaza disikiwa, oyenera kufufuta ndi ati?

Mlonda wa Seva

Achimwene, kulumpha n'kotheka. CU iliyonse ndi Exchange yathunthu, simufunika kudutsa pa CU20, 21 ndi 22. CU23 inatuluka mu Epulo 2022 ndipo ndiyo yomaliza ya 2016. Pamwamba pake mumaika SU, yomwe ndi update ya chitetezo. Yaposachedwa imanyamula zonse za m'mbuyo, ndiye mukufunika imodzi yokha, ya Okutobala 2025. Koma dziwiranitu kuti CU siibwezeka. Mukaichotsa mwachotsa Exchange yonse pa makinawo. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ili musanadine setup.

Yambani ndi disiki. Uthenga wa 452 4.3.1 uja ndi Exchange ikudziteteza: malo akachepa pa disiki yomwe pali queue, imayamba kukana maimelo akunja pomwe a m'kati akuyendabe, ndiye a mu ofesi amaona ngati zonse zili bwino. Mu Event Viewer mupezamo 15006. Ma log alipo amitundu iwiri, ndipo musawasokoneze. Omwe ali mu C:\inetpub\logs\LogFiles komanso mu foda ya Logging pansi pa Exchange Server\V15 ndi zolemba chabe za zomwe zakhala zikuchitika. Exchange siifufuta yokha ma log a IIS (web server ya Windows), amangounjikana chaka ndi chaka, ndipo n'kutheka kuti ndi omwe adya disiki yanuyo. Amenewo akapitirira masabata awiri mutha kuwachotsa. Koma mafayilo oyamba ndi E00, a 1 MB iliyonse, okhala pamodzi ndi database, musawagwire ndi dzanja. Amenewo ndi ma transaction log. Mukafufuta omwe sanalowe mu database, tsiku lomwe seva idzathime mosayembekezera database idzakana kudzuka.

Njira yake yowachepetsera ndi backup yeniyeni. Ikani Windows Server Backup, sankhani volume yonse yomwe pali database ndi ma log ake, ndipo mu Advanced Settings musankhe VSS full backup. Mukasiya pa copy backup, backup ichitika ndithu koma ma log satsika ngakhale imodzi. Ikatha onani LastFullBackup ndi Get-MailboxDatabase -Status. PST ya mabwana atatu si backup ya seva, anthu 42 otsalawo alibe pogwira. Tenganinso System State ya domain controller, chifukwa kuchoka pa CU19 kupita pa CU23 kumasintha schema (kapangidwe ka mkati) ya Active Directory, ndipo schema nayonso siibwerera m'mbuyo. Ngati sevayo ili pa Hyper-V kapena VMware, musadalire snapshot. Microsoft siivomereza snapshot pa Exchange, ndipo kubweza sevayo m'mbuyo pomwe Active Directory yapita kale patsogolo kumabala mavuto ena.

Pa C pakhale malo osachepera 30 GB. ISO ya CU23 ndi yoposa 6 GB, itsitsirenitu masiku angapo ntchito isanachitike, osati usiku womwewo pa bandulo. Pakufunika .NET Framework 4.8, Visual C++ ya 2012 ndi ya 2013, ndiponso IIS URL Rewrite Module, yomwe inayamba kufunika pa CU22. Ikasowa imeneyi setup imakana poyambirira pomwe. Koperani pambali mafayilo a web.config ndi EdgeTransport.exe.config ngati munthu wina anasinthamo kanthu, monga kukula kwa attachment, chifukwa CU ya 2016 imawalemba mwatsopano.

Tsiku lake likhale Loweruka, ndipo anthu auzidwe kuti maimelo aima tsiku lonse, ngakhale ntchitoyo itatha msanga. Tsekani port 25 ndi 443 pa firewall. Maimelo satayika: seva yotumiza ikapeza chitseko chotseka imasunga n'kumayesanso. Postfix imadikira masiku 5, Exchange masiku 2, Exchange Online maola 24. Yambitsaninso sevayo kaye kuti pasakhale restart yodikira, imitsani antivirus, kenako tsegulani Command Prompt ndi Run as administrator. Akaunti yanu ikhale mu Schema Admins, Enterprise Admins ndi Organization Management. Kuchokera pa ISO:

Setup.exe /IAcceptExchangeServerLicenseTerms_DiagnosticDataOFF /PrepareSchema
Setup.exe /IAcceptExchangeServerLicenseTerms_DiagnosticDataOFF /PrepareAD
Setup.exe /IAcceptExchangeServerLicenseTerms_DiagnosticDataOFF /Mode:Upgrade

Pa disiki zozungulira konzekerani maola awiri kapena atatu. Pali malo omwe imaoneka ngati yaima. Musaitseke, tsegulani C:\ExchangeSetupLogs\ExchangeSetup.log muone ngati mizere ikuwonjezeka. Ikatha, restart, kenako SU, kenako restart ina. SU tengani ya .exe. Kale inkabwera ngati .msp, ndipo munthu akangoidina kawiri popanda mphamvu za administrator inkanena kuti yatha bwino pomwe yasiya OWA ndi ECP (tsamba loyendetsera Exchange) zitathyoka. Zikakuchitikirani zotere, yendetsani UpdateCas.ps1 ndi UpdateConfigFiles.ps1 mu foda ya Bin, kenako iisreset. Mukapeza ma service onse ali pa Disabled ndiye kuti SU inafera panjira. Ikaninso kuchokera pa prompt ya administrator, osangowadzutsa ndi dzanja n'kuganiza kuti update inalowa.

Pomaliza, Test-ServiceHealth, Get-Queue, ndi HealthChecker.ps1 ya Microsoft. Get-ExchangeServer imaonetsa CU yokha, ndiye ikati 2507.6 sizikutanthauza kuti SU ilipo kapena palibe. HealthChecker ndiyo ikuuzeni zoona, ikuuzaninso za Extended Protection, yomwe pa 2016 muyenera kuyatsa nokha ndi ExchangeExtendedProtectionManagement.ps1. Yatsani tsiku lina, osati lomwelo, kuti chikavuta mudziwe chomwe chavutitsa.

Inverter Kamwendo

Pa funso la magetsi. Setup ikadukizidwa, Exchange imasiya chizindikiro mu registry pomwe inalekezera, ndipo nthawi zambiri mukayendetsanso lamulo lomwelo la Upgrade imapitiriza. Choopsa chenicheni ndi database. Makina akathima mwadzidzidzi imatsala pa Dirty Shutdown. Mumaona ndi eseutil /mh pa fayilo ya .edb. Ma log a E00 akakhala onse, imadzikonza yokha podzuka, kapena mumaithandiza ndi eseutil /r E00. Lamulo la eseutil /p musalithamangire ngakhale mutaliona paliponse pa intaneti, chifukwa limakonza podula masamba owonongeka, ndipo maimelo omwe anali m'menemo amapita.

UPS ya 1500VA siyingafikitse ntchito imeneyi kumapeto. Seva yaikulu imodzi imadya mwina 300 W kapena 400 W, kuonjezapo domain controller, switch ndi router. Mabatire ali atsopano mupezapo mphindi 10 kapena 15, ndipo ngati sanasinthidwe kwa zaka zitatu, mwina mphindi ziwiri. Kutentha kumawapha msanga: pamwamba pa madigiri 25, kukwera kulikonse kwa madigiri pafupifupi 10 kumadula moyo wa batire ndi theka. Kachipinda kopanda mpweya mu Okutobala ku Kasungu mukudziwa momwe kamakhalira. Yesani UPS imeneyo sabata imodzi ntchito isanachitike: zimitsani Exchange bwinobwino, lumikizani katundu wina wolemera mofanana, zulani pulagi n'kuwerenga mphindi.

Pa tsikulo musadikire kuti ESCOM ithime ndiye muthamangire jenereta. Yatsani jenereta musanayambe, mafuta okwanira maola asanu ndi limodzi ali pompo, ndipo ntchito yonse iyendere pamenepo. Koma onani kaye ngati UPS yanu imalandira magetsi a jeneretayo. Majenereta aang'ono sakhazikika pa 50 Hz katundu akasintha, ndiye UPS wamba imangodumphira pa batire n'kubwerera, kulira kosalekeza, mpaka batire kutha jenereta ili chiyakire. Yothana nazo ndi ya mtundu wa online double conversion. Ngati pali inverter, ikhale ya pure sine wave. Mabatire awiri a 12V 200Ah ndi 4,800 Wh papepala, koma a lead acid simuwatsitsa kupitirira theka, ndiye muli ndi 2,400 Wh. Pa katundu wa 500 W, kuchotsapo zotayika mu inverter, ndi maola anayi osapitirira.

Palinso tinthu tiwiri tomwe anthu amaiwala. Koyamba, batire la RAID controller. Likafa koma write cache ili yokakamizidwa kukhala yoyaka, magetsi akathima zomwe Windows inauzidwa kuti zalembedwa zimakhala sizinafike pa disiki, ndipo apo ngakhale ma log amawonongeka. Onani mu iDRAC kapena iLO, tsamba loonetsa thanzi la makina a seva. Kachiwiri, kabatire ka CR2032 ka pa motherboard. Kakatha, makina amadzuka ndi nthawi yolakwika, ndipo Kerberos, yomwe imatsimikizira maakaunti polowa, imakana ngati seva ndi domain controller zasiyana kupitirira mphindi 5. Ma service a Exchange sadzuka, munthu n'kumanamizira update. Poyatsa, domain controller iyambe, idzuke mpaka kumaliza, kenako Exchange. Pozimitsa yambani ndi Exchange.

Ndipo musaike ntchitoyi madzulo a nyengo ya dzinja. Mphenzi siilowera ku magetsi kokha, imalowanso kudzera pa chingwe cha netiweki chochokera pa mlongoti wa padenga.

Mayi Firewall

Bambo Mlonda afotokoza ndondomeko bwino, koma pa zofufuta ma log ndikutsutsana nawo. Bambo a ku Chinkhoma, musafufute kanthu musanakopere pa disiki yakunja. Seva yanu ili pa CU19 ya Disembala 2020, port 443 ili poyera. Mabowo akuluakulu a chitetezo mu Exchange anatsatizana: ProxyLogon inalengezedwa pa 2 Malichi 2021, ProxyShell inayamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri mu Ogasiti chaka chomwecho, ProxyNotShell inabwera mu Seputembala 2022. Akuba sankasankha kuti iyi ndi kampani yaikulu kapena yaing'ono, makina awo ankangosesa intaneti yonse. Ngati palibe SU yomwe inaikidwapo, yambani ndi maganizo oti munalowedwa kale, kenako mufufuze umboni woti sizinatero. Update imatseka chitseko, koma siitulutsa wakuba yemwe ali kale m'nyumba.

Poyang'ana ndi apa. Mu C:\inetpub\wwwroot\aspnet_client simuyenera kukhala fayilo ya .aspx ngakhale imodzi. Mu V15\FrontEnd\HttpProxy\owa\auth muli mafayilo a Exchange enieni, koma asanjeni potsata tsiku, muone omwe tsiku lawo likusiyana ndi anzawo kapena ali ndi dzina la zilembo zosamveka. Yendetsani Test-ProxyLogon.ps1, yomwe imawerenga ma log omwe mumafuna kufufutawo, kenako Microsoft Safety Scanner pa full scan. Imeneyi imatha mphamvu pakatha masiku 10 chitsitsireni, ndiye tengani yatsopano. Onani Get-MailboxExportRequest, chifukwa pa ProxyShell ankagwiritsa ntchito export kulemba fayilo yawo pa disiki. Onani omwe ali mu Domain Admins ndi Organization Management, ma scheduled task, ndi maakaunti a administrator pa makinawo.

Kwa kampani yogula mbewu, pomwe ndalama zimathawira ndi pa ma rule. Yendetsani Get-InboxRule pa akaunti iliyonse, makamaka ya akauntanti ndi ya bwana, ndipo muone ForwardingSmtpAddress pa Get-Mailbox. Rule yotumiza kunja imelo iliyonse yokhala ndi mawu oti invoice kapena payment, kapena yobisa mayankho mu foda ya RSS Feeds, ndi chizindikiro choti wina akuwerenga n'kumadikira tsiku lolipira kuti asinthe nambala ya akaunti ya ku banki. A ku akaunti auzidwe lero lomwe kuti imelo yosintha nambala ya banki itsimikizidwe poimba foni pa nambala yomwe anali nayo kale, osati yolembedwa mu imeloyo.

Mukapeza web shell, fayilo yomwe akuba amasiya kuti azilowerapo, kuifufuta sikokwanira. Exchange ili ndi mphamvu zambiri mu Active Directory, ndiye mapasiwedi onse asinthidwe, a ma service omwe, ndipo ya krbtgt, akaunti yomwe Kerberos imadalira, isinthidwe kawiri, kusiya maola osachepera 10 pakati. Seva yoteroyo imamangidwanso, siitsukidwa. Dziwitsani eni kampani polemba. M'maimelomo muli mayina, manambala a foni ndi a banki a alimi, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 likukhudza zimenezo. Malawi CERT, yomwe ili pansi pa MACRA, ndi komwe nkhani zotere zimakanenedwa.

Chachikulu china: Exchange 2016 ndi 2019 zinasiya kuthandizidwa pa 14 Okutobala 2025. CU23 ndi SU yomalizayo zikugulirani nthawi yosamukira basi. Bowo lililonse lopezeka pambuyo pake silidzatsekedwa kwaulere. Windows Server 2016 nayonso ikutha mu Januwale 2027. Pakadali pano tsekani /ecp kuti isaonekere kunja, ndipo ngati firewall yanu imatha kusefa potengera dziko, lolani 443 kuchokera ku Malawi kokha ndi komwe mabwana amapitako. Sizitchinga onse koma zimachepetsa phokoso.

Chinkhoma_IT

Zikomo nonse, ma log ndikopera kaye. Nanga posamukapo, kwa anthu 45, chanzeru n'chiyani? Bwana akufunsa ngati tingangoika seva ya Linux yaulere, komanso akufuna kusintha intaneti kupita pa Starlink kapena router ya SIM.

Postfix wa ku Boma

Achimwene, njira zilipo zitatu ndipo iliyonse ili ndi pomwe imaluma.

Kukhalabe pa Exchange ndiye kuti Subscription Edition (SE), yomwe inatuluka mu Julayi 2025. Amene ali pa 2019 CU14 kapena CU15 amangoiika pamwamba ngati CU. Inu a 2016 mulibe mwayi umenewo: mufunika makina ena okhala ndi Windows Server yatsopano, kuika SE pambali pa yakaleyo, kusamutsa ma mailbox, kenako kuchotsa yakale. Yakaleyo iyenera kukhala pa CU23 kuti ziwirizi zigwirizane, ndiye ntchito ya Loweruka ija siipita pachabe. Microsoft imalangiza RAM ya 128 GB, ndipo layisensi ndi yolipira mosalekeza. Kwa anthu 45, pamalo pomwe jenereta imazima 5 koloko, ine sindingalangize.

Microsoft 365 kapena Google Workspace zimachotsa nkhawa ya ma update, magetsi ndi disiki, ndipo zimabwera ndi MFA (chitsimikizo chachiwiri pamwamba pa pasiwedi), yomwe OWA yanuyo ilibe. Vuto lake ndi lodziwika: mtengo ndi wa munthu aliyense mwezi uliwonse, wowerengedwa m'madola, ndipo ndalama zakunja mukudziwa momwe zikusowera. Malipiro akaphonyeka nthawi yaitali maakaunti amatsekedwa. Funsani wogulitsa wa m'dziko momwe muno yemwe amalandira makwacha, ndipo ogula mbewu akumidzi, omwe amangowerenga pa foni, apatseni layisensi yotsika ya imelo yokha. Ma mailbox akale asamutsidwe usiku, pang'onopang'ono, chifukwa upload ya maofesi ambiri ndi yochepa.

Linux ndi yaulere pa layisensi pokha. Postfix, Dovecot, Rspamd ndi Roundcube zimanyamula anthu 45 pa makina a RAM ya 4 GB kapena 8 GB popanda kudandaula, koma zikufunanso mwini wozisamalira. Postfix inafunika kukonzedwa mu Disembala 2023 chifukwa cha SMTP smuggling. Zimbra, seva ina ya maimelo ya pa Linux, inalowedwapo mu 2022 kudzera pa cpio, pomwe mankhwala ake anali kungoika pulogalamu ya pax. Roundcube nayo imatulutsa ma update a chitetezo pafupipafupi. Ngati Exchange inakhala zaka osakhudzidwa, funsani moona mtima kuti adzakhudze Linux ndani. Mukasankha njirayi, yatsani unattended-upgrades pa Debian kapena Ubuntu LTS, mynetworks ikhale ya localhost yokha, aliyense atumize kudzera pa 587 ndi pasiwedi, ikani fail2ban, ndipo ikani malire a maimelo omwe akaunti imodzi ingatumize pa ola. Pasiwedi imodzi ikabedwa, usiku umodzi ndi wokwana kuti IP yanu ilowe pa Spamhaus, mndandanda wa otumiza spam. Mudzaona ndi postqueue -p itadzaza maadiresi osawadziwa.

Pa za intaneti, uzani bwana kuti adikire. Seva ya maimelo imafuna IP yapoyera yosasintha, port 25 yotseguka mbali zonse, ndi PTR (record yosonyeza dzina la IP) yogwirizana ndi dzina la sevayo. PTR amaika ndi mwini IP, osati inu. Ma router a SIM ndi mapulani wamba a Starlink amakhala kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti IP imodzi mukugawana ndi anthu ena ndipo imelo yochokera kunja siingakupezeni. Mukasintha laini seva ikadali mu ofesi, maimelo aima tsiku lomwelo. Seva ya Linux ikhale pa VPS (seva yobwereka pa intaneti), osati mu ofesi, ndipo funsani kaye ngati kampani ya VPS imatsegula port 25, poti ambiri amaitseka poyamba.

Kulikonse komwe mupite, DNS ikonzedwe. SPF, yonena maseva ololedwa kutumiza m'dzina lanu, ikhale record imodzi yokha, yosapitirira ma lookup 10. DKIM, siginecha ya pa imelo iliyonse, ikhale ya 2048 bits, ndipo dziwani kuti Exchange ya mu ofesi siisaina DKIM payokha. DMARC, youza olandira chochita ndi imelo yolephera ziwirizi, yambani ndi p=none, werengani malipoti kwa mwezi, kenako quarantine. Kuyambira Febuluwale 2024 Gmail imafuna SPF kapena DKIM kwa wotumiza aliyense, ndipo alimi ndi ogula ambiri ali pa Gmail. Tsitsani TTL (nthawi yokumbukiridwa) ya MX, record yolozera komwe maimelo anu amafikira, kufika pa masekondi 300 kutatsala masiku awiri kuti musamuke. Fufuzaninso kuti domain inalembetsedwa m'dzina la ndani ndipo ikutha liti. Ngati ndi ya .mw, zimenezo zili ku SDNP, bungwe lolembetsa ma domain a .mw. Kusamukaku kuchitike msika usanatsegulidwe mu Epulo, osati ma invoice ali pakalikiliki.

Mlonda wa Seva

Mayi Firewall anena zoona pa ma log, koperani kaye. Kuonjezapo kamodzi musanayambe CU: yendetsani Get-ExchangeCertificate muone ya dzina loti Microsoft Exchange Server Auth Certificate. Imakhala zaka 5, ndipo pa seva ya msinkhu umenewu mwina inatha kale. Pa CU19 simungaone vuto, koma mukangoika update yatsopano anthu amalephera kulowa mu OWA ndi ECP, amangoona HTTP 500. Ngati yatha, ikonzeni ndi MonitorExchangeAuthCertificate.ps1 masiku awiri Loweruka lisanafike, chifukwa yatsopano imatenga maola angapo kuti iyambe kugwira ntchito.